Cikwangwani ca Sitolo Tsopano Cili m'Manja mwa Wogula

M'caka ca 1994 dziko la Zambia linalumikizidwa ku intaneti kupyolera mu kampani ya ZAMNET, imene inabadwira pa University of Zambia, m'mbali mwa mseu wa Great East muno mu Lusaka. Panthawiyo maiko a mu Afirika amene anali ndi mwai wotere anali owerengeka ndithu. Komabe anthu wamba okhala moyandikana ndi sukuluyo, ku Roma, ku Kalundu ndi ku Ng'ombe, sanaone kusintha kulikonse pa umoyo wao. Intaneti inali ya aphunzitsi akulu-akulu ndi maofesi a mabungwe. Wamalonda wamng'ono anali kudalirabe cikwangwani ca pa khoma ndi pakamwa pa makasitomala ace.

Lero zinthu zatembenuka. Kalembera wa caka ca 2022 anaonetsa kuti m'boma la Lusaka lokha muli anthu oposa 2 miliyoni, ndipo mu mzinda waukulu cotere munthu sangathe kudziwa telala, kalipentala kapena wokonza mipope wa dera lililonse. Mai wa ku Chelstone amene afuna diresi la ukwati sayambanso ndi kukwera minibasi. Ayamba wafunsa foni yace, ndipo cimene foniyo yamuonetsa ndico cimuuza kopita ndi ndalama zace.

Ncifukwa cace amalonda ambiri ali kuthamangira kukhala ndi webusaiti, ndiko kuti tsamba lao-lao la pa intaneti. Kuthamangako nkwabwino, koma ambiri apunthwa pa mwala umodzi: amanga tsamba lokondweretsa mtima wa mwini wace, naiwala mlendo amene adzaliwerenga. Nkhani ya mai wina wosoka zobvala ku Roma ionetsa bwino kukula kwa mwala umenewu.

Telala wa kuseri kwa mpanda

Maiwa anabadwira ku Katete, ndipo anaphunzira kusoka pa makina a amai ao opalasa ndi mwendo. Anafika mu Lusaka ali mtsikana, nasoka zaka zambiri pa khonde la sitolo ina ku Kamwala. Amuna ao atamwalira, anacita lendi kanyumba ka kuseri kwa nyumba ina yaikulu ku Roma, ca kufupi ndi mseu wa Zambezi, nalemba nchito atsikana atatu a ku Ng'ombe. Amasoka madiresi a citenge, zobvala za akwati ndi aperekezi ao, ndiponso mayunifolomu a makwaya.

Roma ndi dera la mipanda yaitali ndi mageti otseka. Munthu angadutse pa geti kakhumi osadziwa kuti m'katimo muli makina anai olira usana wonse. Ku Kamwala khonde lenilenilo linali kuitana anthu, koma ku Roma kulibe khonde. Makasitomala anali kubwera cifukwa couzidwa ndi anzao, ndipo zimenezi zinakwanira kufikira caka ca 2020, pamene mliri wa COVID-19 unacepetsa maukwati ndi misonkhano ya machalichi. Kwa miyezi ingapo makina anakhala cete. Maiwa anaona kuti malipiro a atsikana atatu aja, amene aliyense ali ndi banja lomuyembekezera kunyumba, sangapitirire kudalira mbiri ya pakamwa yokha.

Apa ndi pamene mnyamata wina wobvala bwino anawalonjeza webusaiti yofanana ndi ya masitolo a ku Johannesburg. Iwo anamulipira ndalama zimene anali kusungira makina atsopano. Patapita masabata awiri tsamba linaoneka, ndipo linali lokongola ndithu. Politsegula panali kuyamba kanema ndi nyimbo. Kenaka panali zithunzi za akazi a kunja atabvala madiresi a silika, amene sanasokedwe ku Roma ngakhale limodzi. Pansi pace panali ndime zitatu za Cingerezi cozama zonena za masomphenya ndi zolinga za kampani. Mtengo panalibe. Nambala ya foni inabisika pa tsamba lacinai, ndipo keyala inali nambala ya poloti yokha basi.

Maiwa anakondwera, naonetsa tsambalo kwa anzao a ku chalichi. Onse anayamikira, koma caka conse cinatha popanda munthu wobwera nanena kuti waona malondawo pa intaneti. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Coipitsitsa cinadza pakutha pa cakaco: tsamba linazimirira. Dzina la webusaiti limalipiridwa caka ndi caka monga lendi, ndipo mnyamata uja analilembetsa m'dzina lace. Foni yace inaleka kulowa. Ndalama za makina zinapita, ndipo makhadi amene maiwa anasindikiza ndi dzina la tsambalo anasanduka mapepala acabe.

Mafunso asanu a mlendo

Thandizo linacokera m'banja momwemo. Mwana wamkazi wa mlongo wao, amene anali kuphunzira za makompyuta pa yunivesite ija ya pa Great East, anadza kudzaceza Loweruka lina. Atamva dandaulo la azakhali ace, sanatsegule kompyuta konse. Anatenga kope ndi pensulo, nafunsa kuti, "Azakhali, munthu wacilendo akakuimbirani foni koyamba, amafunsa ciani?"

Maiwa sanacedwe kuyankha, pakuti mafunsowo awamva kwa zaka zambiri. Musoka ciani? Ndi ndalama zingati? Muli pati? Zitenga masiku angati? Ndilipira bwanji? Mtsikanayo analemba onse asanu, nawauza kuti webusaiti yao yonse ndi imeneyo, zotsalazo ndi zokometsera cabe. Uphungu umenewu uyenera wamalonda aliyense, kaya ndi wa garaja ku Kabwata, wophika makeke ku Woodlands, kapena wosunga nyumba ya alendo ku Kabulonga.

Funso loyamba liyenera kuyankhidwa m'mizere iwiri yoyambirira, munthu asanasunthe cala cace. Wowerenga pa foni ali ngati munthu woyang'ana pa zenera la minibasi: aona cikwangwani kamphindi, ndipo cikapanda kumveka, wadutsa. Motero m'malo mwa masomphenya a kampani analemba kuti, "Timasoka madiresi a citenge, zobvala za ukwati ndi mayunifolomu a kwaya ku Roma, Lusaka." Dzina la mzinda analiikapo dala. Wolemba Roma yekha pa Google amatengedwa kupita ku mzinda waukulu wa ku Italy ndi timu yace ya mpira, cifukwa m'Citaliyana dzina la mzindawo lilembedwa cimodzimodzi. Anthu pofufuza amalemba mtundu wa nchito ndi dera, cotero mau awiriwa ayenera kukhala pamwamba peni-peni.

Zithunzi za akazi a kunja zija sanazibwezerepo. Cithunzi ca cobvala cimene telala sanasoke ndi bodza, ngakhale cikhale cokongola cotani, ndipo mwini cithunzico ali ndi ufulu wodandaula. Anajambula madiresi khumi ndi awiri a maiwa eni ace, panja m'mawa dzuwa lisanakule, patsogolo pa khoma loyera. Pamene kasitomala anali kuoneka nkhope, anayamba apempha cilolezo. Kutero ndi ulemu, komanso dziko lathu lili ndi lamulo la caka ca 2021 loteteza mbiri ya munthu, la Data Protection Act, ndipo wamalonda wosunga maina, manambala ndi zithunzi za anthu ayenera kulikumbukira.

Mtengo usabisidwe

Pa funso laciwiri panali kukangana pang'ono. Maiwa anaopa kuti akaonetsa mitengo, matelala anzao adzatsitsa yao ndi kuwalanda anthu. Mantha amenewa ndi ofala mu Lusaka, ndipo ndiwo anabala cizolowezi coika katundu pa Facebook ndi kuuza ofunsa kuti za mtengo akambirane kumbali. Koma wogula amaona zimenezi mwa njira ina. Iye aganiza kuti mtengo udzadalira galimoto imene wabwera nayo kapena nsapato imene wabvala. Wosauka acita manyazi kufunsa, wolemera akaikira kuti adyeredwa, ndipo onse awiri apita kwina.

Popeza diresi lililonse lisiyana ndi linzace, anagwirizana kulemba mtengo woyambira wa mtundu uliwonse m'makwaca, ndi kufotokoza poyera ngati nsalu ili m'kati mwa mtengowo kapena kasitomala adzabwera ndi yace. Telala wopikisana naye angadziwe mtengo ndi foni imodzi yokha, cotero kubisa sikuteteza kanthu. Ndiponso lamulo la caka ca 2010 la mpikisano wa malonda ndi citetezo ca ogula, limene liyang'aniridwa ndi bungwe la Competition and Consumer Protection Commission, liletsa kulipitsa munthu ndalama zoposa mtengo umene waonetsedwa. Liletsanso zikwangwani zija zakuti katundu wogulidwa sabwezedwa. Wamalonda wanzeru atenge tsamba lace ngati khoma la sitolo yace, asalembepo cimene sangalembe pa khomalo.

Funso lacitatu ndilo libvuta kopambana mu Lusaka. Manambala a mapoloti m'madera ambiri satsatana, ndipo mageti ena alibe nambala konse. Anthu a mumzinda uno amalondolerana njira ndi msika, chalichi, sukulu kapena malo omwetsera mafuta. Motero analemba njira monga momwe kondakitala angaifotokozere: potsikira minibasi, kokhotera, ndi mtundu wa geti. Anaikapo cithunzi ca getiyo, naika cizindikiro ca malowo pa Google Maps, kuti woyendetsa takisi kapena mnyamata wa njinga yamoto wonyamula katundu afike popanda kuimba foni kasanu. Analembanso maola otsegulira ndi otsekera, ndi kuti Lamulungu sagwira nchito.

Funso lacinai linayesedwa kwambiri m'caka ca 2024, pamene cilala cinacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba ndipo magetsi anali kuzima maola ambiri tsiku lililonse. Makina a magetsi anaima. Maiwa anapukuta fumbi pa makina akale opalasa ndi mwendo, ndipo pa tsamba analemba zoona: kuti nchito ili kupitirira, koma diresi la masiku asanu lidzatenga masiku khumi. Ena anapita kwina, ndi zoona. Koma amene anatsala sanabwere pa geti ndi mkwiyo, ndipo palibe mkwati amene anagona ndi nkhawa usiku wa ukwati wace. Lonjezo lolembedwa limakhala mboni, ndipo mboni imeneyo ingaimire mwini tsamba kapena kumutsutsa.

Funso lacisanu likhudza cikhulupiriro. Ambiri tsopano alipira ndi Airtel Money kapena MTN MoMo, ndipo asanatumize amaona dzina la wolandira pa foni. Dzina limenelo liyenera kufanana ndi lolembedwa pa webusaiti, cifukwa mbala za pa foni zacuruka ndipo anthu acenjera. Munthu akaona dzina lacilendo, abweza cala. Maiwa analembetsa dzina la malonda ao ku PACRA, ndipo ananena zimenezi pa tsamba. Anafotokozanso kuti theka la ndalama lilipiridwa poyesa thupi, theka lina potenga cobvala. Pamwamba pa zonse anaika batani limodzi lalikulu la WhatsApp, pakuti ndi mmene anthu a masiku ano agogodera pa khomo.

Foni ya wosauka ndiyo muyeso

Cinthu cina cimene mtsikana uja anakakamira ndi kupepuka kwa tsamba. Omanga mawebusaiti amagwira nchito pa makompyuta akulu, m'maofesi a intaneti yothamanga. Wogula wamba ali ndi foni yochipa ndi bandulo ya tsiku limodzi ya Airtel, MTN kapena Zamtel. Kanema woyamba yekha amadya bandulo imeneyo munthu asanaone ngakhale diresi limodzi, ndipo munthu wotere sabweranso. Motero kanema ndi nyimbo anazicotsa, zithunzi anazicepetsa kulemera, ndipo zilembo anazikulitsa, zakuda pa malo oyera, kuti ziwerengeke ngakhale padzuwa pa siteshoni ya mabasi.

Atatsiriza sanayese tsambalo pa kompyuta yace ai. Anabwereka foni ya mmodzi wa atsikana a ku Ng'ombe, ya galasi long'aluka, napempha mwini wace kuti apeze mtengo wa yunifolomu ya kwaya popanda womuthandiza. Pamene mtsikanayo anazengereza, anakonza pomwepo. Muyeso umenewu ndi waulere ndipo wamalonda aliyense angaucite asanalipire womanga tsamba. Ngakhale Google, posankha masamba oika patsogolo, imayang'ana mmene tsamba lionekera pa foni.

Za cinenero anakambirananso. Cingerezi ndico cinenero ca boma ndi ca maofesi, ndipo ambiri pofufuza amalemba m'Cingerezi, cotero sicingasiyidwe. Koma pali Cingerezi ca malonda ndi Cingerezi codzionetsera. Maiwa anapempha kuti ciganizo ciliconse ciwerengedwe mokweza pamaso pao, ndipo cimene iwo sangacinene kwa kasitomala ataima pa khomo cinafafanizidwa. Pansi pa mau ofunika anaikanso Cinyanja. Wailesi ya ZNBC iulutsa mau m'zinenero zisanu ndi ziwiri za dziko lino cifukwa idziwa kuti munthu amamvetsa bwino m'cinenero ca kwao. Wamalonda asacite manyazi ndi cinenero cimene amagulitsira tsiku ndi tsiku.

Makiyi akhale ndi mwini

Phunziro la mnyamata wozimirira uja silinaiwalike. Webusaiti ili ndi zinthu ziwiri zolipiridwa caka ndi caka: dzina lace, ndi malo pa kompyuta yaikulu pamene tsambalo lisungidwa. Maina othera ndi .zm ali m'manja mwa bungwe la ZICTA, ndipo dzina lothera ndi .co.zm liuza wowerenga pomwepo kuti malondawo ndi a mu Zambia. Ulendo uno dzina linalembetsedwa m'dzina la maiwa, ndi nambala yao ya foni. Mau acinsinsi olowera analembedwa m'buku, ndipo bukulo likhala pamodzi ndi malisiti a lendi. Tsiku lolipiranso analizunguliza ndi inki yofiira pa kalendala ya pa khoma.

Sikuti omanga mawebusaiti onse ndi acinyengo. Mu Lusaka muli acinyamata ambiri aluso ndi okhulupirika, ndipo malo monga BongoHive, amene anatsegulidwa m'caka ca 2011, athandiza ambiri a iwo kukula pa nchito imeneyi. Koma safunsa anadya phula. Asanapereke ndalama, wamalonda afunse kuti dzina lidzalembetsedwa kwa yani, caka camawa adzalipira zingati, ndi ngati iye mwini angathe kusintha mtengo popanda kuitana katswiri. Apemphe kuona masamba ena amene munthuyo anamanga, ndipo aimbire eni ace. Zogwirizana zonse zilembedwe pa pepala.

Ena afunsa ngati tsamba la Facebook silikwanira. Kwa woyamba kumene lithandiza ndithu, ndipo maiwa nalonso ali nalo. Koma liri ngati thebulo la mumsika wa eni: malamulo aikidwa ndi ena, ndipo tsiku lina angalitseke kapena mbala ingalilande. Ndiponso pa Facebook nkhani ya dzulo imakwiririka ndi ya lero, pamene mitengo, njira ndi maola zifuna malo okhazikika amene munthu angabwererepo.

Tsamba limasesedwa

Kumanga webusaiti ndi nchito ya masabata, koma kuisunga ndi nchito ya masiku onse. Izi maiwa anaziphunzira ndi ndalama zao. Mtengo wa nsalu ku Kamwala utakwera, iwo anakweza mitengo yao pakamwa, naiwala kusintha pa tsamba. Mlembi wa kwaya ina ya ku Kabwata anafika ndi maina a oimba ace onse, atasonkhetsa kale ndalama molingana ndi mtengo wakale umene anawerenga pa foni. Mwana wa mlongo wao anati apepese ndi kufotokoza za kukwera kwa nsalu. Maiwa anakana. "Mwanangu," anatero, "analemba ndi ife, iwo anangowerenga." Anasoka mayunifolomu onse pa mtengo wakale, ndipo phindu la mwezi umenewo linathera pomwepo.

Kuyambira pamenepo, Lolemba lililonse m'mawa, atsikana akatha kusesa ndi kuthira mafuta m'makina, mmodzi wa iwo amatenga foni ndi kuwerenga tsamba lonse mokweza, mzere ndi mzere. Mtengo wosintha ukonzedwa pomwepo. Cithunzi ca nsalu imene yatha m'masitolo cicotsedwa. Nyengo ya Khirisimasi ikadutsa, mau a Khirisimasi acoka nao, pakuti tsamba lofunira anthu caka cabwino m'mwezi wa June liuza mlendo kuti eni ace anasamuka.

Webusaiti siinasandutse maiwa kukhala mpondamatiki. Lendi ya ku Roma ikali yokwera, ndipo zobvala za salaula ndi za ku China zikali kupikisana ndi telala aliyense mu mzinda uno. Cimene casintha ndi mtundu wa mafoni amene alandira. Kale woimba anali kufunsa mtengo ndi njira, nadula osabweranso. Tsopano ambiri aimba atadziwa kale zonsezo, ndipo funso lao ndi lakuti abwere liti kudzayesedwa. Wina anali namwino wa ku Zambia wogwira nchito ku England, amene anaitanitsa madiresi a aperekezi a mng'ono wace wa ku Woodlands asanaonepo geti ya ku Roma ndi maso ace. Atsikana atatu a ku Ng'ombe akali pa nchito, ndipo mmodzi wa iwo, amene anabwera kudzaphunzira kupinda mipendero, ndiye tsopano ajambula zithunzi ndi kusintha mitengo. Ndalama za makina atsopano ayambanso kuzisunga.